Tsitsi la Amayi Achisoni

Lolemba la Sabata Loyera, Sajeni Luzviminda Pangilinan, yemwe aliyense ku polisi ya ku Makati, ku Manila, ankangomutchula kuti Minda, anadzuka mipopi itauma, mwana wake wamng'ono thupi likutentha, mpunga wadzulo utasasa mumphika. Mwanayo anakamusiya kwa apongozi ake, iye n'kukwera jipini, minibasi ya kumeneko, yodzaza moti mwendo umodzi unali panja. Pofika kuntchito anapeza mkulu wake akumudikira pakhomo ndi uthenga woti kunyumba ina yoonetsera zaluso kwabedwa mutu.

"Mutu wa ndani, bwana?"

"Wa Amayi Maria. Ndi manja omwe. Wakubayo tamugwira kale, ali m'chitokosimo. Iwe ungokatenga mawu a mboni, nkhani ithe lisanafike Lachinayi, anthu tipite kwathu."

Nyumbayo kale inali nkhokwe ya mpunga. Tsopano anaipaka laimu mbee, n'kuikamo makina oziziritsa, mwakuti munkazizira ngati kumochale. Pakati pa chipinda anaunjikapo makatoni akuluakulu, aja amatumiza achibale a kunja, odzaza nyama ya m'zitini, sopo, chokoleti ndi nsapato zosakwana aliyense. Katoni imodzi inali yotsegula, ndipo m'menemo munaima chifanizo cha Amayi Achisoni, chija chimatsatira Ambuye akufa pa mdipiti wa Lachisanu Loyera. Koma chinali chosavala. Zifanizo zoterezi chokongola ndi nkhope ndi manja basi, thupi lonse ndi timitengo tokhomakhoma ngati khola la nkhuku, ndipo n'chifukwa chake palibe amene amaloledwa kuziona zisanavekedwe. Apa timitengo tonse tinali pamtetete. Pakhosi panatsala chikhomo chokha. Mikono inathera m'malere.

Minda anazindikira kuti wachita kale chizindikiro cha mtanda, ndipo zinamukwiyitsa kuti wachitira pamaso pa anthu.

Mwini nyumbayo anali Madamu Socorro Valdellon, mayi wonunkhira, woonda ndi dala, amene Chitagalogi chawo chinali chothira Chingerezi ngati tiyi wochuluka mkaka. Anafotokoza asanafunsidwe. Mutu ndi manjawo zinali za mnyanga wa njovu, zakalekale, mtengo wake woposa nyumba yonseyo. Loweruka, potsegulira chionetsero, kunatulukira nkhalamba ina yochokera ku tauni ya Pakil, kwawo kwa chifanizocho, mayi aakulu a mwini zalusozo, n'kuyamba kutukwana alendo ali ndi vinyo m'manja, mpaka kumenya mwini zalusoyo mbama. Lamulungu nyumba inali yotseka, iwo anali ku Tagaytay tsiku lonse kopuma mphepo. Nkhalambayo inabweranso, mlonda n'kuilowetsa. Lolemba m'mawa, mutu palibe.

"Ndikuwamvera chisoni, Sajeni, ndithu," anatero Madamu. "Anthu a kumudzi chikhulupiriro chimawagwira ngati matenda. Koma kuba ndi kuba. Ngakhale, kunena zoona, taonani mmene chikuonekera tsopano. Chopanda mutu chonchi chikulankhula kwambiri kuposa kale."

Minda anafunsa za makamera. Panalibe. Anawachotsa chifukwa mwini zalusozo anati kamera ndi diso la atsamunda, ndipo sangalole kuti liziyang'ana ntchito yake.

Mwini zalusoyo anali atakhala pansi pakona, maso atatupa. Dzina lake Kit Abellanosa, mtsikana wamkulu ndithu, wometa mbali imodzi ya mutu, wobadwira ku California. Chitagalogi chake chinkatuluka chidutswachidutswa ngati akuchitola pansi. Anati ntchito yakeyo ikunena za kulandidwa. Njovu inaphedwa ku Africa, mnyanga wake n'kusemedwa ndi Mtchaina wa ku Manila, nkhope n'kukhala ya mkazi wa Chisipanya, ndipo anthu akwawo akhala akuigwadira mibadwo yonseyi. Lero anthu omwewo amadzitumiza okha kunja kukagwirira azungu, n'kumabweza zitini m'makatoni. Iye anavula chifanizocho kuti anthu aone kuti mkati mulibe kanthu.

Mwamuna wa Minda ankawotcherera zitsulo ku Qatar kuyambira mwana wachiwiri ali kumsana. Makatoni oterewa ankawadziwa fungo lake lomwe. Sanaone chifukwa choti munthu alipire pakhomo kuti auzidwe zimenezo. Anangofunsa chimodzi: chifanizocho chinachoka bwanji ku Pakil?

Kit anayang'ana pansi. Theka la chifanizocho ndi la malemu mayi ake, anatero, choncho ndi lake. Iye anauza mayi ake aakulu aja kuti akupita nacho ku Manila kukachijambulitsa, abweza Lamulungu la Kanjedza lisanafike.

"Ndiye munawanamiza."

"Akanakana, Ate," anatero Kit, akumutchula ngati achemwali ake aakulu. "Sakanamvetsa."

"Inu mukuganiza kuti aba ndi iwowo?"

"Sindikudziwa," anatero Kit, misozi ikuyambanso. "Sindikuwadziwa n'komwe."

*

Mlonda, Mang Delfin, anali mkulu wa ku Samar wa mano ochepa ndi mawu ambiri. Asanayankhe chilichonse anayamba wanena kuti ali ndi ana asanu, ndipo pa ntchito yake yonse chomwe chinasowapo ndi ambulera imodzi, nayonso inapezeka.

Anati gogoyo anafika Lamulungu masana, dzuwa likuswa mtengo, kanjedza wodalitsidwa ali kudzanja limodzi, chikwama cha msika kudzanja lina. Sanatukwane. Anagwira chipata n'kupempha kuti angolowa akafunditse Amayi nsalu, poti si bwino kuti agone chomwecho Sabata Loyera likuyamba.

"Ndiye inuyo mukanatani, Sajeni? Munthu wofanana ndi mayi anga akulira pachipata, kanjedza m'manja. Ndikanamuthamangitsa, mphezi ikanandipeza ndisanafike pa Cubao."

Anawatsegulira, iye n'kutsala panja, chifukwa gogoyo anamuuza kuti mwamuna saona Amayi osavala. Anakhalamo kanthawi koti munthu n'kusuta ndudu imodzi. Atatuluka anamudalitsa n'kumupatsa kamkate. Iye atatseka anachita mantha, n'kuimbira foni Madamu kuwauza zomwe wachita, kuti asadzamve kwa wina.

"Anabweranso mlendo wina?"

"Mlendo ayi."

"Nanga chikwamacho munachiyang'ana potuluka?"

Mang Delfin anakanda m'mutu. Sanachiyang'ane. Koma chinali chotupa, anatero, ndipo gogoyo anachikumbatira pachifuwa ngati mwana.

*

Nkhalamba yogwidwa ija, Nanay Felisa, kapena kuti Amayi Felisa, anawakhazika pabenchi pafupi ndi chitokosi, poti ngakhale apolisi aamuna anachita manyazi kuwatsekera limodzi ndi zidakwa za dzulo. Anali mayi wamng'ono thupi, wouma ngati nsomba yadzuwa, atavala diresi lofiirira la chowinda ndi chingwe m'chiuno. Chakudya chomwe anawapatsa chinali chikhalire pambali, ntchentche zikuchita phwando.

Minda anakhala nawo pafupi, n'kuwagwira dzanja kuliika pamphumi pake monga amachitira mwana kwa wamkulu. Kenaka anafunsa za chikwama.

Munali zovala za Amayi, anayankha. Anabwera nazo zonse, zamkati zomwe, kuti awaveke. Atalowa anaona kuti okha sangathe, poti chovala chakunja n'cholemera ndi ulusi wagolide, chimafuna anthu awiri. Ndiye anangowafunditsa nsalu yoyera kuyambira kumutu, zotsalazo n'kubwerera nazo. Apolisi a ku Pakil atabwera m'mawa anakhuthula nyumba yonse, mpaka mumtsuko wa mchere, sanapeze kanthu.

"Akuti mwabisa kwa aneba, Nanay."

"Ndibise mutu, thupi ndisiye? Ndiye Lachisanu ndikayendetsa chiyani pamsewu, mutu pambale ngati Yohane Mbatizi?"

Wapolisi wina pakauntala anaseka, Minda n'kumuponyera diso mpaka anatsokomola.

Nanay Felisa sanafunse kuti atuluka liti. Sanafunse za loya. Anati chifanizocho amachiveka iwo chaka ndi chaka kuyambira ali mtsikana, asanabwere iwo ankachiveka mayi awo, ndipo sichinajombepo pa mdipiti, ngakhale nthawi ya nkhondo chinayenda mumdima popanda makandulo. Chaka chino ngolo yake yapakidwa kale utoto, maluwa analipira kale, anyamata okoka adya kale. Tauni yonse ikudziwa kuti Felisa anapereka Amayi kwa mwana wa ku America ngati akubwereketsa lumo.

Kenaka anatembenuka n'kumugwira Minda pamkono mwamphamvu.

"Mwanawe, wakubayo watenga ndi tsitsi lomwe?"

Minda anati sakudziwa. Palibe amene anatchula za tsitsi. Madamu anangowerenga mutu ndi manja.

"Eya, poti tsitsi silikugulidwa," anatero gogoyo. "Si wigi ya m'sitolo ija. Ndi tsitsi la Amparo, mng'ono wanga, mayi wake wa mtsikanayo."

Anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali kukhoma. Kit anabadwa masiku asanakwane, kamwana kokwana m'bokosi la nsapato, madokotala a ku America atataya kale mtima. Amparo, yemwe ankasamalira nkhalamba za azungu kumeneko, anali ndi tsitsi lofika m'chiuno, lomwe amuna a ku Pakil ankalikamba mpaka pa maliro. Anawinda kwa Amayi Achisoni kuti mwanayo akakhala moyo, tsitsilo ndi lawo. Mwana anachira. Amparo anadzimeta mpala, tsitsilo n'kulitumiza m'katoni, pakati pa zitini za nyama ndi matawulo. Atamwalira anamuwotcha konko, phulusa lili kaya pashelefu ya ndani. Ku Pakil kulibe manda ake. Kuli tsitsi lokhalo, ndipo Felisa amalipesa ndi mafuta a kokonati Lachitatu Loyera lililonse.

"Mtsikanayo akudziwa?"

"Amparo anati asauzidwe, kuopa kuti angakule akudziona ngati wangongole. Ine ndinasunga pakamwa. Loweruka ndinatsala pang'ono kumuuza, koma dzanja linafulumira kuposa lilime."

Minda anaimirira. Mutu unali ukumuwawa, foni yake ikunjenjemera ndi mauthenga a apongozi ofunsa za mankhwala a mwana. Anawayankha mwachidule, n'kupita kukapempha magolovesi.

*

Galimoto ya zinyalala inali isanadutse, poti Sabata Loyera aliyense amagwira ntchito ngati akuchita kukakamizidwa. Kuseri kwa nyumba ya zaluso kunali matumba akuda a phwando la Loweruka, atatupa ndi dzuwa. Minda anawang'amba limodzilimodzi, Mang Delfin ataima chapatali atatseka mphuno, akupereka malangizo. Munali makapu a pepala, mitu ya nkhanu, tchizi chowola chomwe anthu olemera amadya mwadala, ndi mapepala ofotokoza za atsamunda omwe alendo anapukutira m'manja.

M'thumba lapamwamba, lomwe linaikidwa pomalizira, anapeza nsalu yoyera itakwinyidwa. Mkati mwake munali chinthu chakuda, chonyowa, chomata msuzi ndi vinyo. Anachikweza. Tsitsi linatambasuka mpaka kufika m'mawondo mwake, chotsalira cha ndudu chitakodwa kunsonga.

Anaona zambiri pa ntchito yake, mitembo ya m'ngalande ndi ana otayidwa m'zimbudzi. Koma ichi chinaposa zonsezo. Chimodzi chinali chitadziwika: Felisa akanatha kuba mutu, akanatha kuba nyumba yonse, koma sakanataya mng'ono wake m'mitu ya nkhanu.

Analikulunga bwino m'pepala, n'kulowa mkati kukasamba m'manja. Bafa la alendo linalibe madzi. Madamu Socorro, akumuyang'ana ngati iyenso watuluka m'thumba, ananena kuti ku ofesi kwawo kuli thanki yakeyake. Anatulutsa kiyi m'kachikwama, n'kumutsegulira. Minda anafunsa mongocheza ngati pali wina amene ali ndi kiyi wa ofesiyo. Palibe, anayankha, ngakhale wokolopa amalowa iwo alipo, ndipo anapita kwawo ku Bicol sabata yatha.

Ofesiyo inali yoyera ngati kunja komwe, tebulo lagalasi, mabuku a Chingerezi osatsegulidwa. Minda anasamba, n'kusambanso. Potuluka m'bafa, akupukuta manja pa thalauza, anakweza maso. Pamwamba pa kabati, pobisika kwa munthu woima pakhomo, panali kashelefu. Pamenepo panali Santo Niño, kafanizo ka Yesu ali mwana, kovala chofiira, konga kamene kamapezeka m'sitolo iliyonse kuyambira ya golide mpaka ya makala, koitana makasitomala. Panali maswiti ake atatu ndi maluwa a sampagita ofota.

Koma maswitiwo anali kumbuyo kwake. Mwanayo anali atayang'ana kukhoma.

Minda anaima n'kumuyang'ana. Mayi ake omubala ankachita zomwezo akafuna kutchova juga ya makadi m'nyumba. Apongozi ake amachita zomwezo akamatukwana aneba. Iye mwini, mwamuna wake akabwera kutchuthi, kafanizo ka kuchipinda kamagona koyang'ana kukhoma. Mwana saonetsedwa zonyansa.

*

Anayamba ndi Mang Delfin, pachipata. Sanakweze mawu. Anangomuuza kuti gogo amene anamupatsa kamkate uja agona m'chitokosi Lachisanu Loyera, ndipo akafuna kudziwa za mphezi, adikire.

Mkuluyo anavula chipewa n'kuchipotokola.

"Munandifunsa za alendo, Sajeni. Madamu si mlendo."

Anati Madamu anafika Lamulungu lomwelo dzuwa litapendeka, opanda mnzawo, akuyendetsa okha galimoto, chinthu chomwe sanachionepo. Anamutuma kukagula madzi a kokonati kumsika wakutali, ati a pafupi ndi osukuluka. Atabwerako anamuuza kuti kulowetsa nkhalamba ija ndi mlandu woti n'kuchotsedwa nawo ntchito, koma amukhululukira akaiwala kuti iwo anabwera. Potuluka sananyamule kanthu, ananenetsa, kachikwama kawo kaja basi, kosakwana n'chibakera chomwe.

Ndiye kuti mutu sunatuluke.

Minda analowanso. Madamu anali pafoni, akuuza winawake m'Chingerezi kuti nyuzipepala ikhoza kubwera kudzajambula chifanizo chopanda mutu. Kit anali pomwe paja. Minda anamufunsa kuti makatoniwa apita kuti chionetsero chikatha. Kit anati Pasaka ikangodutsa akwera sitima ya pamadzi kupita ku Germany, komwe ntchitoyo ikaonetsedwenso. Madamu ndiwo anakonza zonse. Chifanizo chokha n'chimene sichikanapita, poti mnyanga wa njovu malamulo salola kuti utuluke. Kunabwera mzungu wina wofuna kugula nkhopeyo, Madamu anamulimbikitsa kuti avomere, koma iye anakana.

"Makatoniwa anamata ndani?"

"Ndekha, Ate. Onse. Mmene ankachitira Mama."

Zinali zoona, ndipo zinkaoneka. Katoni yopita kwanu siimatidwa ngati mphatso ya ukwati. Umaikhalira pamwamba, mwana n'kukhalanso, n'kuizunguliza selotepi uku ndi uku, m'makona kawirikawiri, mpaka katoniyo osaonekanso, chifukwa ukudziwa manja amene idutsemo. Mwamuna wa Minda ankamaliza mipukutu yathunthu pa katoni imodzi. Makatoni a Kit onse anali otero, onenepa, onyansa, omangidwa ngati mwendo wothyoka. Pamenepo pokha Minda anamuona mtsikanayo ngati mwana wa munthu.

Anazungulira muluwo. Kumbuyo, m'munsi, inalipo imodzi yomwe selotepi yake yakale inadulidwa bwinobwino ndi lumo, pamwamba n'kudutsitsapo kamzere kamodzi kowongoka, kaukhondo, ka munthu amene moyo wake wonse sanatumizepo kapena kudikira katoni.

"Imeneyo ndi ntchito ya zaluso, Sajeni," anatero Madamu, foni itatsika. "Mukaikhudza, mulipira ndi malipiro anu a moyo wonse."

"Mwini wake ali pano," anatero Minda. "Kit, nditsegule?"

Kit anagwedeza mutu movomera.

Pansi pa zitini za nyama ndi masokosi panali chopukutira chatsopano. Manja awiri anali m'menemo, opyapyala, achikasu ndi ukalamba, zala zitapindika ngati zikupempha. Mutu unali pansi pake, wopanda tsitsi, wosalala ngati dzira. Kumaso kwake kunali komangidwa ndi kansalu ka silika, kuphimba maso agalasi aja, ndipo kansaluko kankanunkhira mafuta omwewo amene anadzaza chipinda chonse kuyambira m'mawa.

"Mwana munamutembenuzira kukhoma, mayi ake munawamanga m'maso," anatero Minda. "Ndiye mumaopa ndithu, Madamu. Chikhulupiriro chija chimagwira a kumudzi okha?"

Madamu Socorro sanagwe pansi, sanalire. Anthu otere sagwa. Anati anachita zimenezo pofuna kuteteza chuma cha dziko, poti ku Pakil chikanadyedwa ndi chiswe ndi utsi wa makandulo, pamene ku Ulaya chikanasungidwa m'galasi, anthu ophunzira n'kumachiona. Kenaka anatembenuka n'kuimba foni ina, ndipo mawu oyamba amene Minda anamva anali akuti "Amalume".

Sipanapite nthawi, foni ya Minda inalira. Anali mkulu wake. Anati wamva kuti katundu wapezeka, zikomo kwambiri, ndiye kuti panalibe kuba, kunali kusamvetsetsana chabe. Gogoyo amutulutsa, galimoto ya polisi imubweretsa komweko. Za Madamu aziona Pasaka ikatha.

Minda ankadziwa tanthauzo la Pasaka ikatha. Anatsonya, foni ikadali kukhutu, ndipo sanapepese.

*

Nanay Felisa atalowa, sanayang'ane Madamu, omwe anali atadzitsekera mu ofesi, kaya ndi mwana wawo woyang'ana kukhoma uja. Sanayang'anenso Kit. Analunjika pa mutu, n'kuunyamula ndi nsalu, osati ndi manja, n'kumasula kasilika kaja ndi nsonga za zala ngati akuchotsa nyongolotsi. Anauza Mang Delfin ndi dalaivala wa polisi kuti atuluke, atseke chitseko. Anatuluka mwaulemu ngati ana a sukulu.

Kenaka Minda anawapatsa pepala lija.

Gogoyo analitsegula, n'kununkhiza. Anapempha beseni ndi madzi. Beseni panalibe, ndiye Minda anakhuthula mbale yaikulu yagalasi yomwe munali timapepala ta mayina a alendo, n'kukagogoda ku ofesi mpaka madzi anaperekedwa. Sopo anamutenga m'katoni momwemo, m'ntchito ya zaluso, ndipo palibe anatchula za malipiro.

Nanay Felisa anagwada pansi poziziritsidwa paja n'kuyamba kuchapa tsitsilo, pang'onopang'ono, kuyambira kumizu, akuchotsa tizidutswa ta nkhanu ndi zikhadabo. Madzi anasanduka ofiira ndi vinyo.

Kit anali ataima pambali, akupuma mofulumira. Minda anaona dzanja lake likulowa m'thumba, foni ikutuluka, kamera ikuyaka. Mtsikanayo ananong'ona kuti zimenezi n'zamphamvu kwambiri, anthu ayenera kuziona. Minda anailanda foniyo mmene amalandira mpeni kwa mwana wake wamng'ono, osakalipa, n'kuiika m'thumba la yunifolomu.

"Nanay," anatero, "mumuuza inu, kapena ndimuuze ine? Ine ndilibe chowinda ndi munthu, ndipo mwana wanga akudwala, ndikufuna kupita."

Gogoyo anapitiriza kuchapa kanthawi. Kenaka, osakweza mutu, anafunsa Kit ngati anaonapo chithunzi cha mayi ake ali ndi tsitsi lalitali. Kit anati chimodzi chokha, cha ukwati. Moyo wake wonse ankawadziwa ndi lalifupi ngati la mwamuna, ndipo ankati kutentha kwa kuntchito n'komwe kunawachititsa.

"Ku California kumatentha kuposa kwathu ku Laguna?" anatero Nanay Felisa. "Bwera kuno. Gwada. Unati mkati mulibe kanthu. Gwira apa."

Anamuika tsitsi lonyowalo m'manja onse awiri, n'kumuuza, m'mawu ochepa osavuta, oti ngakhale Chitagalogi chotola pansi chikhoza kumva: za bokosi la nsapato, za lumo, za katoni.

Kit sanalire nthawi yomweyo. Anayang'ana zomwe zinali m'manja mwakezo, madzi akutsikira m'zigongono, kenaka anayang'ana kuchitseko cha kuseri, komwe kunali matumba aja.

"Usalikoke," anatero gogoyo. "Mayi ako ankadana ndi kukokedwa tsitsi. Yambira kunsonga."

Anatulutsa chipeso chamtengo m'chikwama cha msika chija, n'kumupatsa.

Minda anayang'ana nthawi. Akafulumira, sitolo ya mankhwala ya pa Guadalupe aipeza isanatseke. Anaika foni ya Kit pamwamba pa zitini za nyama, moyang'ana pansi, n'kutuluka. Panja anauza dalaivala kuti galimoto ya boma lero ipita ku Pakil, ndipo aziyendetsa pang'onopang'ono m'mabampu, poti anyamula Amayi. Dalaivalayo anafunsa kuti mafuta alemba pa mlandu uti, popeza bwana ati mlandu palibe.

"Ulembe kuti kusamvetsetsana," anatero Minda, n'kuwoloka msewu kukadikira jipini.